Dzanja Lothira Mchere

"Bwezerani mcherewo m'chikho, alamu."

Yotamu anaima dzanja lili m'malere, pamwamba pa mphika wa chigwada. Sanachite kutembenuka kuti adziwe wolankhulayo. Anali Pitala, mlongo wa mkazi wake, mwini mbumba pamudzi wawo uja wa kufupi ndi Ngokwe. Kumsana kwa Yotamu kunali Samson, mwana wake wamng'ono, atamuberekera m'chitenje cha amake.

"Mwaswera bwanji, alamu? Kampando ako."

"Sindinadzere mpando ine. Ndati bwezerani mcherewo. Kapena mukufuna mumutsirize mwanayo ife tikupenya?"

"Ndimutsirize bwanji mwana wanga yemwe?"

"Tamutsitsani."

Yotamu anamasula chitenje nkumukhazika mwana pamphasa. Pitala ananjuta nadinikiza chala paphazi la mwanayo. Atachotsa chala panatsala kadzenje, ndipo kanachedwa kufafanizika. Masaya a Samson anali otupa, tsitsi lake litayamba kufiirira ngati ndevu za chimanga. Sanalire. Masiku amenewo ngakhale kulira ankachita nako ulesi.

"Ili ndi tsempho," anatero Pitala. "Ine sindinabadwe dzulo. Mlongo wanga ali kundende, inu mwatsala kuno. Mwamuna akayenda njira zam'mbali nkubwera kudzathira mchere m'ndiwo za ana, amawadula. Kapena kwanu ku Balaka kulibe akuluakulu oti akanakuuzani zimenezi?"

"Akuluakulu aliko, ndipo anandiuza. Koma njira zam'mbali zake ziti, alamu?"

"Ya kunyanja ya Chiuta. Mukufuna ndichite kutchula dzina? Che Habiba. Mkazi wamasiye, inu mbeta ya kanthawi, tsiku ndi tsiku muli pakhomo pake. Utsi sufuka popanda moto."

"Ndimakawamba nsomba zawo. Amandipatsa timatemba toti ana adye."

"Amakupatsani zambiri, tikumva."

Yotamu anali munthu woti mawu amamubwerera mochedwa, mnzake atapita kale. Anayang'ana mchere umene unali m'dzanja mwake, kenaka anaubwezera m'chikho muja.

"Ndiye mukuti nditani?"

"Mumange katundu mukapumeko kwanu kufikira Judith atatuluka. Eliza ndi Samson abwere kwanga. Ana ndi a mbumba ino, inu mukudziwa. Mlendo ndi mame."

"Mame ake ati okhala zaka zonsezi osakamuka? Nyumba iyi ndinamanga ndine. Amake Eliza pokwera galimoto ya apolisi anati ana ndisawasiye. Sanati ndiwasiye kwa alamu."

"Ndiye mukukana?"

"Iyayi, sindikukana. Koma sindichoka."

Pitala anaimirira nasasa fumbi m'mawondo. Nkhope yake inali ya munthu wokwiya, koma poyang'ana mwana uja maso ake anali a mantha. Samson anali mphwake, ndipo ankamukonda.

"Ngati mwakakamira, mchere azithira Eliza. Iyeyo ndi mwana, thupi lake nlozizira. Dzanja lanulo lisakhudzenso chikho. Ndipo mwanayu akangofa, mlandu suwola."

Judith anali kundende ku Zomba chiyambire nyengo yobzala. Mlandu wake mudzi wonse unkaudziwa, ndipo anthu ankaufotokoza monong'ona koma akumwetulira. Tsiku lina pachipata cha msika anyamata a chipani anamuimitsa kufuna khadi ya umembala. Anaonetsa. Iwo anati aonetsenso ya mwana wa kumsanayo. Judith anawafunsa ngati mwana wosadziwa ndi kupukuta mamina komwe amapita kumisonkhano. Mmodzi atakankha ndowa yake ya thobwa ndi phazi, iye anainyamula nkumukhuthulira lotsalalo kumutu. Mkazi ameneyu Mulungu anamupatsa zonse, kupatula chotsekera pakamwa. Yotamu ankamusowa koopsa.

Pachikamwini mwamuna amalemekezeka chifukwa cha mkazi wake. Mkaziyo akachoka, ngakhale nkhuku za pakhomo zimakuyang'ana ngati zikufunsa kuti unyamuka liti. Sabata yomwe Judith anamangidwa, Pitala anachotsa makwerero a nkhokwe nkukawasunga kwake, ati kuopa kuti mkamwini angagulitse chimanga cha mlongo wake nkuthawira kwawo. Ankawatapira yekha kalichero akakumbukira. Zoti nkhokwe ya Pitalayo inatha Khirisimasi isanafike, koma pakhomo pake mtondo sunasiye kulira, aliyense ankaziona. Palibe ankanena kanthu.

Pitala atapita, Eliza anatuluka m'nyumba momwe ankamvetsera zonse. Anatenga chikho cha mchere.

"Ndithire, ababa?"

Yotamu anamuyang'ana mwana wakeyo. Akalola, mawa kuchitsime nkhani ikhala yoti wavomera yekha kuti ndi wotentha, nchifukwa chake wapereka mchere kwa mwana. Akathira yekha, ati akupha Samson dala. Ndipo nkhani ya kuchitsime ili ndi miyendo, tsiku lina ikafika ku Zomba.

"Iyayi, mama. Siya. Tidya choncho."

Anadya choncho tsiku limenelo, mawa lake, ndi sabata yonse yotsatira. Chigwada chopanda mchere ndi chilango, afunseni amene anachilawa. Eliza ankameza mwaulemu kuti asakhumudwitse atate ake. Samson ankalawa kamodzi nkutembenuzira nkhope kumbali, ndipo kutupa kuja kunakwera kufika m'mawondo. Yotamu naye ankakhulupirira kuti tsempho liliko, anakula akuona anthu akuliopa. Chimene chinkamuzunguza mutu nchakuti mtima wake sunkamutsutsa pa kanthu kalikonse. Nanga mwanayu chikumudya nchiyani?

Ntchito za pakhomo sizinadikire yankho. Ankatunga madzi, kusinja, kuchapa, mwana ali kumsana. Amayi a kuchitsime poyamba ankamuseka kuti amasenza ndowa ngati akuopa kuti imuluma. Tsopano anasiya kuseka. Akafika ankangoti zii, nkumupatsa mpata waukulu kuposa umene ndowa imafuna. Kusekedwa kuja kunali bwino.

Loweruka lina anapita ku Chiuta kukatsanzika. Anawapeza Che Habiba pa uvuni wawo wowambira nsomba, akutembenuza milamba, maso ali ofiira ndi utsi. Anali mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene amuna ake anamira pa nyanjapo zaka zapitazo.

"Bambo a Eliza, mwasowatu. Ndimati kapena nanunso akutengani."

"Ndabwera kudzathokoza, Che Habiba. Sindizibweranso."

"Ndakulakwirani chiyani?"

Yotamu anafotokoza akuyang'ana pansi. Che Habiba anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Asitagafirulahi. Ine ndi inu? Alamu anuwo andilemekeza, ndimayesa ndinatha kale pamsika. Mukawauze kuti ine ndikafuna mwamuna ndidzasankha wa bwato lake, osati wobereka mwana kumsana."

"Si zoseketsa, mayi. Akufuna andilande ana."

Kuseka kuja kunatha. Che Habiba anapukuta manja pachitenje nasuzumira kumsana kwa Yotamu. Anamuyang'ana Samson nthawi yaitali.

"Ndiye mukasiya kubwera kuno, ameneyu adya chiyani? Mawu a anthu a kuchitsime?"

"Sindikudziwa."

"Mkazi wanu munamuona liti?"

"Chitengedwere sindinamuone. Ku Zomba si pafupi."

"Lachiwiri nsomba izi zikupita ku Zomba pa lole ya Uladi. Mukhala pamwamba pa madengu, mununkha milamba, koma mukafika. Nkhani yotereyi mkazi aimve kuchokera pakamwa panu, isamupeze itavala nsapato za wina. Ndipo tengani mlamba uwu mukamuphikire. Kundende sadya nsomba."

Pitala atamva za ulendowo sanaletse. Anati naye apita, akamve pakamwa pa mlongo wake ngati akulola kuti ana ake azikhala ndi munthu wowadula. Anati Samson atsale kwa akazi ake pamodzi ndi Eliza, koma apa Yotamu anakana kwamtuwagalu. Ankadziwa kuti mwana akalowa m'nyumba imeneyo sadzatulukamonso. Choncho anakwera atatu, amuna awiri atakhala mofulatirana pamwamba pa madengu, msewu wonse osalankhulana.

Kundende anawalowetsa m'kakhonde kotchingidwa ndi waya, kokhala ndi kazenera kopatsirana zakudya. Mayi woyang'anira akaidi anakhala pampando chapambali. Judith anatulukira atavala foya yoyera ya akaidi. Anali atawonda, tsitsi atamumeta. Koma atangotsegula pakamwa Yotamu anadziwa kuti mkazi wake ndi yemwe uja.

"Bambo a Eliza, chitenje changa chatsopano chimenecho? Cha kutchalitchi? Zakale zonse zija simunazione?"

"Ichi ndiye cholimba."

"Ndipo mfundoyo mwamanga ngati mukumanga mbuzi. Achimwene, mwabwera nanunso? Kumudzi kwagwa chiyani kuti inu mukwere lole ya nsomba? Tamutembenuzani mwanayo ndimuone."

"Wagona," anatero Yotamu msangamsanga. "Yambani mwadya, zingazizire."

Anatulutsa kambale ka mpunga ndi ka mlamba wophika ndi matimati. Lamulo la pamenepo linali loti wobweretsa chakudya ayambe walawa yekha. Analawa, mayi uja anagwedeza mutu, ndipo mbale zinadutsa pakazenera. Judith ananyema nsomba, naika m'kamwa, natseka maso. Kenaka anawatsegula.

"Mchere unatha ku Ngokwe?"

"Ndabwera nawo. Uli apa, muthire nokha." Yotamu anayamba kumasula kamfundo ka pangodya ya chitenje.

"Ndithire ndekha chifukwa chiyani? Inu manja anaduka?"

Apa Pitala anakonza pakhosi nayamba. Anafotokoza zonse mwadongosolo ngati ali pabwalo, za ku Chiuta, za Che Habiba, za zimene amayi akunena kuchitsime, za tsempho. Anati iye monga mwini mbumba sangaonerere magazi a mlongo wake akutayika. Mutu ukakula sulewa nkhonya, nchifukwa chake wabwera yekha kudzamva mawu amodzi okha, oti alamu akadikire kwawo.

Yotamu anayembekeza kuti Judith amutembenukire ndi funso. Yankho anali atalikonza msewu wonse, ndipo tsopano linali litamuthawa. Koma Judith sanamuyang'ane nkomwe.

"Mwanayo," anatero motsitsa mawu. "Ndati ndimuone."

Yotamu anamasula chitenje nkumunyamula Samson kufika pakazenera. Mwanayo anatsegula maso, nayang'ana mayi wometa wovala zoyera, osamuzindikira. Judith anatulutsa dzanja nagwira kaphazi kotupa kaja. Anakasisita ndi chala chachikulu. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranire, Yotamu anaona mkazi wake atasowa mawu.

"Akudya chiyani?" anafunsa pomaliza.

"Chigwada. Phala la gaga. Timatemba tikapezeka."

"Gaga? Nkhokwe tinadzaza mpaka denga kukana kukhala ija?"

Yotamu anakhala chete. Sanafune kuneneza mlamu wake pamaso pa mlendo. Koma Judith anali atakhala naye zaka zambiri, ndipo kukhala chete kwa mwamuna wake ankakumva kuposa mawu a anthu ena. Anatembenukira kwa mlongo wake.

"Achimwene, makwerero a nkhokwe yanga ali kuti?"

"Ndinasunga. Ndimaopa kuti..."

"Muno muli amayi amene anamangidwa ndi ana awo. Ena mwa anawo miyendo yawo ili chimodzimodzi iyi, tsitsi lomweli. Atate awo ali kutali, sanawathirirepo mchere chilowere muno. Amenewo anawadula ndani? Imeneyi ndi njala, achimwene. Ndimagona nayo chipinda chimodzi, nkhope yake ndikuidziwa."

"Mlongo wanga, mwambo si ine ndinaupanga."

"Mwambowo ndikuudziwa. Anamkungwi amene analangiza akazi anu ndi omwe anandilangiza ine. Tandiuzani, mwamuna akasempha, mchere wake umadula ana okha? Mkazi wake umamusiya?"

"Umamudulanso."

"Chabwino. Bambo a Eliza, bwezerani mwanayo kumsana. Masulani mcherewo."

Anakankhira kambale ka nsomba kubwerera pakazenera.

"Thirani ndi dzanja lanu."

"Judith," anatero Pitala, mawu atasintha. "Usachite zamasewera. Uli kale wofooka. Zikakugwira muno akuthandiza ndani?"

"Thirani, bambo a Eliza. Musaumire, mukudziwa mmene ndimakondera."

Yotamu anatapa mchere uja. Anathira, natakasa ndi chala. Mayi woyang'anira uja, amene nthawi yonseyi ankaoneka ngati akusinza, anati popeza mwalowa chinthu chatsopano, alawenso. Yotamu analawa. Mchere woyamba pa lilime lake patapita masiku onse aja unamubweretsera misozi, kapena mwina sunali mcherewo.

Judith anadya akumuyang'ana mlongo wake m'maso. Anadya mosafulumira, nayamwa ndi minga yomwe. Atafika pakati analeka, nanyema kachidutswa kofewa ka pamimba pa nsomba, nakatulutsa pakazenera kufika pakamwa pa Samson, amene ankasuzumira paphewa pa atate ake. Mwanayo ananunkhiza, nalawa, nameza. Kenaka anatsegulanso pakamwa.

Pitala anayang'ana kumbali.

"Tsopano mundimvere, achimwene, nthawi yatha. Ngati ndidwale, mudzamva, ndipo mudzawathamangitse ndi zikuni. Koma ndisanadwale, bambo a Eliza sachoka pakhomo panga, ndipo ana anga sagona m'nyumba ya wina. Makwerero abwerere pankhokwe."

"Kwanganso kuli ana, mlongo wanga." Mawu a Pitala anatuluka aang'ono, osati a mwini mbumba. "Chaka chino sindinakolole. Ndikanatani?"

"Mukanapempha. Chibale ndi fupa, sichiwola. Ndikanakumanani ine? Iwowa akanakumanani, munthu woti nkhuku ikamulowera m'nyumba amaipepesa? Muzidya nonse chimangacho mpaka chithe. Koma wokwera pankhokwe akhale amene analima."

Mayi woyang'anira anaimirira nagwedeza makiyi. Judith anapukuta manja pafoya, nayang'ana mwamuna wake koyamba bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nanunso mwawonda. Musakwere lole musanapite naye kuchipatala mwanayo, chili chapafupi pompano. Eliza mumuuze kuti asasiye sukulu chifukwa cha mtondo. Ndipo Che Habiba mukawathokoze, nsomba yawo ndadya. Koma muwauze kuti ndikatuluka tidzakambirana za kukupatsani matemba okhaokha pa ntchito yonse ija."

"Amake Eliza," anayamba Yotamu. Yankho lija linali litabwerera tsopano, lonse lathunthu, ndipo ankafuna kulinena.

"Pitani, dzuwa likupendeka," anatero Judith. "Chitenjecho muzichapa ndi madzi ozizira."

Anamulowetsa, chitseko chinatsekedwa.

Kunja anayenda kamtunda. Samson anali maso, akuyamwa chala chimene chinali ndi msuzi. Atafika pamthunzi wa mtengo wina wa m'mbali mwa msewu, Pitala anaima.

"Bweretsani mwanayo ndikupumuzeni. Chichokere ku Ngokwe ali pamsana panu."

Yotamu anagwira mfundo ya chitenje osamasula.

"Ndikubwezerani, alamu," anatero Pitala, manyazi atamugwira. "Tikangofika pachipatala ndikubwezerani."

Yotamu anamasula. Pitala anamunyamula mphwake paphewa, ndipo anadabwa ndi kupepuka kwake ngakhale anali wotupa choncho. Anayenda pang'ono, kenaka mtima unamukanika. Munthu sasintha tsiku limodzi.

"Komatu alamu, pano tatsala amuna okhaokha. Sindikauza munthu. Kwa Che Habiba kuja, zoona panalibe kanthu?"

Yotamu anaima pakati pa njira. Mawu amene nthawi zonse ankamubwerera mochedwa, tsiku limeneli anafika pa nthawi yake.

"Mwini wake sanandifunse, alamu. Mwamva nokha, kuyambira polowa mpaka potuluka sanandifunse. Inu ndikuyankheni chifukwa chiyani?"

Anapinda chitenje cha mkazi wake bwinobwino nachikoleka paphewa, natsogola kulowera kuchipatala. Pitala anatsatira pambuyo atanyamula mwana.